Theka la Piritsi

1. Tepi ya amayi

Lachisanu masana, Nsingano atangofika kuchokera kusukulu, amayi ake anamuimika pakati pa chipinda chosokera n'kumuzunguliza tepi m'chiuno. Kanali kachitatu chaka chimenechi. Siketi ya yunifolomu inali itakananso kutseka, ndipo batani lake linali litadumphira pansi pa desiki pa phunziro la masamu, kalasi yonse ikumva.

Dzina lakuti Nsingano analipeza ali wamng'ono, chifukwa anali wowonda moti akaima cham'mbali anthu ankaseka kuti wasowa. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo dzinalo linali litamuthina ngati siketi yomweyo. Anyamata a m'kalasi, amene sachedwa kuona zosawakhudza, anali atayamba kumutcha Pilo.

Amayi anawerenga nambala pa tepi, anatenga choko chawo chabuluu n'kuilemba pakhoma, pansi pa nambala ziwiri zakale. Nsingano anayang'ana kumbali.

Iye anabadwa ndi kachilombo ka HIV, ndipo amayi akenso anali pa mankhwala. M'mawa uliwonse aliyense ankamwa piritsi limodzi la m'botolo lake. Zaka ziwiri zapitazo achipatala anawasinthira onse awiri mankhwala, ndipo kuyambira pamenepo thupi la Nsingano linayamba kudzaza. Amayinso ananenepa chaka choyamba, koma chaka chino anali ataphwa, mpaka makasitomala ankawafunsa chinsinsi chake.

"Ndi mapiritsiwa, amayi," anatero Nsingano motsitsa mawu. "Akundifufumitsa ngati buledi."

Amayi anaika tepi pa makina n'kumuyang'ana m'maso.

"Tamvera kuno, iwe. Siketi ikathina, ine ndi telala, ndiwonjezera nsalu. Ikathinanso, ndiwonjezeranso. Koma piritsi lija usasewere nalo. Bambo ako anali munthu wamphamvu, ankanyamula makina awa yekha popanda womuthandiza. Anangoti wachira, nasiya kumwa. Iwe unali wa zaka zinayi, sukukumbuka m'mene anathera. Ine ndikukumbuka. Ndinaika mwamuna m'manda, sindikufuna kuikanso mwana. Wandimva?"

Nsingano anavomera ndi mutu. Amayi anatsokomola kawiri, kachifuwa kouma kamene kanali katawagwira kwa milungu ingapo. Iwo ankati ndi fumbi la nsalu.

2. Kabokosi ka masamu

Chimene amayi sankadziwa n'chakuti chenjezo lawo linali litachedwa ndi masiku makumi atatu ndi awiri.

M'mawa uliwonse, amayi akalowa kubafa, Nsingano ankatenga kasizasi kawo kodulira ulusi n'kudula piritsi lake pakati. Theka ankamwa. Theka linalo ankalibisa m'kabokosi ka zida za masamu, pansi pa rula. Tsiku loyamba anapeza kasizasiko kali ndi kafumbi koyera pamano ake. Anangoti ndi choko, anapukuta ndi chala n'kuyamba ntchito yake.

Kusiya zidutswazo m'botolo sakanatha, chifukwa kuchipatala amawerenga mapiritsi otsala. Kuzitaya kunkamuchititsa mantha, ngati munthu amene akutaya chakudya pamaso pa anjala. Choncho ankayenda nazo m'chikwama kulikonse, ndipo akathamanga zinkalira.

Masamu ake anali akuti theka la piritsi libweretsa theka la kunenepa. Kunena zoona anali masamu opusa, ndipo mphunzitsi aliyense akanamulemba cholakwa ndi cholembera chofiira. Koma sikuti mtsikanayu ankangoopa kutchedwa Pilo. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali m'chipinda cha kuseri.

M'menemo munkagona amayi aakulu, akulu awo a amayi ake. Kale anali wophika pa sukulu ina, mayi wathupi, woseka mokweza. Matenda a shuga anawalowa mwakachetechete. Kabala kakang'ono ka pachala cha kuphazi kanakana kupola, ndipo miyezi iwiri yapitayo anabwera kuchokera kuchipatala opanda phazi lakumanzere.

Pambali pa bedi lawo panali mabotolo anayi a mankhwala. Nsingano anawaona, anaona thupi lawo, anaona lake, n'kuphatikiza yekha. Anatsimikiza mumtima kuti amayi aakulu nawonso amamwa piritsi lomwe lija, ndipo ndilo linawanenepetsa mpaka kuwadya phazi. Sanafunse munthu.

3. Chipinda cha kuseri

Madzulo a Lachisanu lomwelo, dzuwa lisanalowe, amayi anamutuma kukapereka beseni la madzi ofunda kwa amayi aakulu. Ntchito imeneyi Nsingano ankaizemba masiku onse, koma lero panalibe pothawira.

Anawapeza atakhala pabedi akumasula bandeji. Nsapato yawo yakumanzere inali pansi pa mpando, yoyera bwino, yopanda ntchito. Nsingano ataiona, anabwerera m'mbuyo.

"Ukuopa chiyani? Balali silikuluma," anatero amayi aakulu. "Bwera undigwirire apa."

Nsingano anagwira bandejiyo. Kenaka funso limene analisunga mwezi wathunthu linangotuluka lokha. Anafunsa ngati mapiritsi a kachilombo ndi amene anawadulitsa phazi.

Amayi aakulu anamuyang'ana kanthawi, kenaka anaseka mpaka bedi linalira.

"Mwanawe, ine kachilombo ndilibe. Piritsi lakolo sindinalilawepo chibadwire. Mabotolo awa ndi a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Matenda anga ndi akumtundu. Agogo ako, amayi athu, anafa nawo, maso atachita khungu. Amalume ako amadzibaya jekeseni tsiku lililonse. Pamtundu pathu shuga amatiyendera ngati m'bale. Ndipo ndikuuze, chimene chinandidya phazi si shuga yekha ayi, koma kubisa. Ndinkamva ludzu losatha, usiku ndinkadzuka kasanu kupita kuchimbudzi, ndinkangoti ndi kutentha kwa kukhitchini. Bala litayamba kununkha ndinkavala sokosi ziwiri kuti anthu asadziwe. Zaka zitatu ndikudzipanga dokotala ndekha. Ndikanapita msanga, bwenzi nsapato iyo ndikuivala. Ukamva chachilendo m'thupi, kanene kwa odziwa. Usadzachite zanga."

Mawuwo sanamutonthoze Nsingano ngakhale pang'ono. Ngati shuga anali wakumtundu, ndiye kuti anali kale m'njira kubwera kwa iye. Ndipo ngati piritsi silinali ndi mlandu wa phazi lija, ndiye kuti kwa masiku makumi atatu ndi awiri anali akutsegulira kachilombo chitseko popanda chifukwa. Anatuluka ndi beseni.

4. Tsiku la sikelo

Loweruka m'mawa linali tsiku la gulu la achinyamata kuchipatala. Pa benchi la pakhonde Nsingano anakumana ndi mnzake wapamtima, amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa akatsegula pakamwa panalibe wodziwa pozimitsira.

Wailesi ankamwa piritsi lomwelo, la m'botolo lofanana, ndipo anayamba mwezi umodzi ndi Nsingano. Ankadya mabisiketi ngati akulipidwa, koma anali wowonda ngati ndodo ya tsache. M'mawa umenewo anali ndi nkhani ya mphunzitsi amene anagwa ndi mpando, ya mnyamata amene anamulembera kalata yodzaza zolakwika, ndi ina ya galu wa anansi. Nsingano sanamve ngakhale imodzi.

Chimene anamva ndi mawu a mlembi wa pakhomo, amene analengeza kuti lero onse a gulu lawo atengedwa magazi oyezera kuchuluka kwa kachilombo. Nsingano anagwira chikwama chake mwamphamvu kuti kabokosi kasalire.

Anaganiza zothawa. Geti linali lotsegula, ndipo mlonda anali kalikiliki ndi foni yake. Anaimirira n'kuuza Wailesi kuti akupita kuchimbudzi. Asanaponye phazi lachitatu, dzina lake linaitanidwa.

M'chipindamo munali namwino wachikulire amene ana onse ankamutcha Anesi a Magalasi. Mayiyu anamudziwa Nsingano kuyambira ali kumsana. Anamukweza pa sikelo, analemba nambala, ndipo Nsingano anaona ndi maso ake kuti sinatsike. Inali itakwera ndi kilo imodzi. Masiku onse aja a theka anapita pachabe.

Kenaka anesi anakhuthulira mapiritsi otsala pa mbale n'kuwawerenga ndi kamtengo.

"Ndendende," anatero akumwetulira. "Sunaphonye ngakhale tsiku limodzi. Anzako onse akanakhala ngati iwe, ine bwenzi ndilibe imvi. Mwezi wamawa ndikufuna udzalankhule kwa ana atsopano aja."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa kukalipiridwa. Akanatha kuthokoza, kupereka mkono, kutuluka. Palibe akanadziwa mpaka zotsatira zitabwera. Koma m'maso mwake munabwera nsapato ija ya pansi pa mpando, ndi sokosi ziwiri za amayi aakulu.

Anatsegula chikwama, anatulutsa kabokosi ka masamu, anachotsa rula n'kukaika patebulo.

5. Mawu a Anesi a Magalasi

Anesi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anawerenga zidutswazo chimodzichimodzi ndi kamtengo komwe kaja. Zinali makumi atatu ndi zitatu. Anadzuka n'kutseka chitseko.

Nsingano anayembekezera mkuntho. M'malo mwake anesi anamufunsa chifukwa, ndipo iye anafotokoza zonse akulira: za batani, za dzina la Pilo, za Wailesi amene sanenepa, za phazi la amayi aakulu.

"Pukuta misozi umve bwino, chifukwa izi sindikufuna udzazimve kwa anzako pa benchi," anatero anesi. "Sunaname kuti thupi lako lasintha. Mankhwalawa anthu ena amawanenepetsa, ndipo ena shuga ndi mafuta a m'magazi zimakwera. Koma si onse. Amayi ako ndi telala, eti? Akadula nsalu imodzi n'kusokera anthu awiri muyeso umodzi, wina imukhala, wina imuthina. Nsalu ndi yomweyo, matupi ndiwo asiyana. Aliyense amabadwa ndi malangizo a m'thupi amene anatengera kwa makolo ake. Timati chibadwa. Chibadwa chimathandiza kulamula m'mene chiwindi chako chimaphwanyira mankhwala, mofulumira kapena mochedwa. Chimakhudzanso m'mene thupi limasungira mafuta ndi m'mene limagwiritsira ntchito shuga. Mnzakoyo anatengera zina, iwe unatengera zina. Si kuti iye ndi wabwino, iwe wolakwa. Ndipo chibadwa sichigwira ntchito chokha. Zimene umadya, m'mene umayendera, msinkhu umene wafikawu, zonsezi zili momwemo. Ngakhale ofufuza sanamalize kuzimvetsa."

Nsingano anafunsa ngati zimenezi zikutanthauza kuti nayenso adzadulidwa phazi.

"Ayi. Zikutanthauza kuti iwe tiyenera kukuyang'anira kwambiri kuposa mnzako. Kukhala ndi shuga pamtundu kuli ngati kukhala m'nyumba ya pafupi ndi msewu. Si kuti galimoto ikugunda, koma suwoloka utatsinzina. Tizikuyeza pafupipafupi. Tikambirana za zakumwa zotsekemera zija ndi masupuni a shuga mu tiyi. Uziyenda, uzisewera mpira. Ngati ziti zivute, adokotala ali ndi njira zina, ngakhale kuona ngati mankhwala angasinthidwe. Koma osintha ndi iwo, osati sizasi ya amayi ako."

Apa nkhope ya anesi inalimba.

"Tsono imva choopsa. Piritsi lathunthu limagoneka kachilombo. Theka silikagoneka, limangokaphunzitsa. Kamadzuka, kamachulukana, ndipo kakhoza kuzolowera mankhwalawo mpaka osawamvanso. Zikatero, ngakhale utabwerera ku piritsi lathunthu, likhoza osagwiranso ntchito. Mankhwala a mtundu wina alipo, koma si ambiri ngati mabatani a m'chitini. Ine ndaika ana m'manda amene ankadumphitsa masiku chifukwa choopa kusekedwa. Amene ankawasekawo anabwera kumaliro atavala bwino."

Nsingano anafunsa ngati kachilombo kake kadzuka kale.

"Sindikudziwa, mwana wanga, ndipo sindikunamiza. Magazi ndiwo anene."

Anamubaya kachala kaye n'kuika dontho pa kamakina. Nambala ya shuga inali pamwamba pang'ono, ndipo anesi anati adzamuyezanso asanadye kanthu kuti atsimikize. Kenaka anatenga magazi a pamkono, analemba pa kabotolo n'kukaika m'bokosi lozizira. Zotsatira zinali zoti zibwera pakatha milungu itatu.

Ali pakhomo, Nsingano anafunsa funso lomaliza. Ngati kunenepaku kuli ndi mbali yakumtundu, bwanji amayi ake, amene amamwa piritsi lomwelo, anaphwa chaka chino?

Anesi anati mwana satengera kwa mayi yekha, ndipo ngakhale mayi ndi mwana amasiyana. Kenaka anafunsa kuti amayiwo anayamba liti kuphwa. Atamva za kachifuwa kaja, analemba kanthu pa pepala.

"Kuyambira mawa, piritsi lathunthu. Lolemba ubwere ndi amayi ako. Uwauze wekha lero, usadikire kuti adzamve kwa ine."

6. Dirowa ya makina

Njira yobwerera inali yaitali kuposa masiku onse. Wailesi anayesa nkhani zitatu, ataona kuti mnzake sakuseka, anazima yekha kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake. Pa mphambano anangomugwira dzanja n'kunena kuti Lolemba amuperekeza.

Kunyumba anapeza amayi kulibe. Amayi aakulu anafuula ali kuchipinda kuti apita kukapereka madiresi a ukwati kwa kasitomala ndipo sachedwa.

Nsingano analowa m'chipinda chosokera. Siketi yake inali pa mpando, itawonjezeredwa kale kansalu m'mbali, batani latsopano litasokedwa ndi ulusi wowirikiza. Ataiona anafuna kuliranso. Anayeserera mawu oyambira. Amayi, ndalakwa. Amayi, musakwiye. Onse ankamveka ochepa.

Kasizasi kaja kanali pa makina. Anaganiza zokatsuka kaye, kuti pouza amayi akawabwezere kali koyera. Anakoka dirowa ya makina kufuna kansalu kopukutira. Dirowayo inali yolimba, ndipo atakoka ndi mphamvu inatuluka yonse n'kugwa pansi.

Mabobini anagubuduzika. Mapini anamwazika. Choko cha amayi chinaduka pawiri. Ndipo kuchokera kuseri kwenikweni kwa dirowa kunagwa kachitini ka mafuta odzola, kakale, kamene Nsingano anali asanakaonepo. Chivindikiro chinatseguka.

Zidutswa za mapiritsi zinabalalika pa simenti.

Poyamba anaganiza kuti ndi zake. Koma zake anazisiya patebulo la anesi, zonse makumi atatu ndi zitatu. Izi zinali zambiri kuposa pamenepo. Zinafika pansi pa mpando, pansi pa makina, mpaka pakhomo. Zina zinali zitayamba kufumbutuka chifukwa chokhalitsa.

Anayang'ana choko chimene chinali pafupi ndi phazi lake. Chinali chabuluu. Amayi sanagwiritsepo ntchito choko choyera. Kafumbi kamene anakapeza pa sizasi tsiku loyamba lija kanali ka piritsi, ndipo wodula woyamba m'nyumbamo sanali iye.

Amayi ake, amene anaika mwamuna m'manda, amene dzulo lomweli anamuchenjeza, anaona amayi awo akuchita khungu ndi mkulu wawo akudwala, ndipo anachita mantha omwewo. Iye anadula kwa mwezi umodzi. Iwo, poona kuchuluka kwa zidutswazo, anali atadula kwa miyezi yambiri. Kachifuwa kaja sikanamvekenso ngati fumbi la nsalu.

"Chagwa n'chiyani kumeneko?" anafunsa amayi aakulu ali kuchipinda.

Nsingano anagwada n'kuyamba kutola. Anali atafika pa makumi asanu pamene anamva kutsokomola panja, kenaka chitseko chinatseguka.

Amayi anaima pakhomo, thumba lopanda kanthu lili m'manja. Anayang'ana pansi, anayang'ana kachitini, anayang'ana mwana wawo.

Mawu onse amene Nsingano anayeserera aja anali atathawa. Anatambasula dzanja lodzaza zidutswa.

"Amayi," anatero, "zanga zinali makumi atatu ndi zitatu. Zanuzi ndi zingati?"